ZA MASEWERA: Nyengo ya mpira imene mliri unadula pakati

M'boma la Chadiza mulibe timu ya basketball imene osewera ake amalandira malipiro pakutha pa mwezi. Mpira umene anthu a m'midzi ya mafumu a Mlolo, a Mwangala ndi a Zingalume amaudziwa bwino ndi wa miyendo ndi wa netball, ndipo basketball ambiri amayamba kuiona akafika ku sukulu ya sekondale, kapena akapita ku Chipata ndi ku Lusaka. Ngakhale zili conco, zimene zinagwera masewera amenewa m'caka ca 2020, pamene mliri wa Covid-19 unaimitsa mipikisano pa dziko lonse lapansi, ndi nkhani yoyenera kuti aphunzitsi, mafumu, makolo ndi akuluakulu a za masewera m'bomali aiganizire mofatsa. Mliri unali umodzi, koma ligi iliyonse inaulandira monga mwa kulemera kwa thumba lake, ndipo amene anataya zambiri ndi aja amene maina ao sanamveke pa wailesi.

Kwa amene sanaonepo, basketball ndi mpira wa manja wa anthu asanu mbali iyi ndi asanu mbali inayo. Unayambidwa mu December 1891 ndi mphunzitsi wina dzina lake James Naismith, mu mzinda wa Springfield ku America, pofuna kupatsa ophunzira ake cocita m'nyumba pa nyengo ya cisanu coopsa. Iye anapacika madengu awiri a zipatso pamwamba kuti anyamata aziponyamo mpira. Masiku ano m'malo mwa dengu muli mkombero wacitsulo wokhala ndi ukonde, wopacikidwa mamita 3.05 kucokera pansi, ndipo bwalo lake ndi la mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi.

Cimene cinacititsa kuti masewerawa akhale oopsa pa nthawi ya mliri ndi kaseweredwe kake. Anthu khumi amathinana pa bwalo laling'ono, akupumirana kumaso ndi kukhudzana matupi a thukuta, onse akugwira mpira umodzimodzi. Kuonjezera apo, maligi akuluakulu amasewerera m'nyumba zotsekedwa, momwe anthu zikwizikwi amakhala moyandikana nafuula usiku wonse. Matenda oyenda ndi mpweya sangapeze malo ena abwino oposa amenewa.

USIKU WA PA 11 MARCH

Ligi yaikulu ndi yolemera koposa pa masewera amenewa ndi ya NBA ya ku America, ya matimu 30. Usiku wa pa 11 March 2020, mu mzinda wa Oklahoma City, anthu anali atadzaza kale m'nyumba ya masewera kudzapenyerera timu ya kwao ya Thunder ikulimbana ndi Utah Jazz. Osewera ali pafupi kuyamba, mkulu wa zaumoyo wa timu ya Thunder anathamangira kwa oimbira mpira, ndipo patapita kanthawi anthu anauzidwa kuti abwerere kunyumba. Wosewera wina wa Utah Jazz wocokera ku France, Rudy Gobert, anali atapezeka ndi kacirombo. Masiku awiri m'mbuyomo mnyamata yemweyo, pocita nthabwala, anakhudza dala zida zolankhuliramo za atolankhani, ndipo pambuyo pake anapepesa poyera, napereka madola 500,000 kuthandiza ovutika ndi mliriwo. Usiku womwewo NBA inaimitsa masewera ake onse. Linali tsiku lomwe bungwe la zaumoyo la WHO linalengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse.

Mpira unaima kwa miyezi inai ndi theka. Kuyambira pa 15 May osewera anayamba kudulidwa gawo limodzi mwa magawo anai a malipiro ao. Kwa anthu olandira mamiliyoni zimenezi sizinali za njala. Amene anaona zakuda ndi osesa, alonda a pa zipata ndi ogulitsa zakudya m'nyumba za masewera, amene ndalama zao zimabwera pokhapokha mpira ukaseweredwa.

Eni ligi sanafune kuti caka cithe popanda akatswiri, cifukwa ndalama zambiri za NBA zimacokera ku makampani a wailesi za kanema amene amalipira kuti aonetse masewera. Motero anasonkhanitsa matimu 22 pa malo amodzi a Walt Disney World, pafupi ndi mzinda wa Orlando, nawatsekera mkati. Osewera anali kugona, kudya ndi kusewera momwemo, monga anamwali obindikira m'tsimba. Aliyense anali kupimidwa tsiku ndi tsiku. Woturuka kunja, pobwerako anali kukhala yekha masiku angapo asanakumane ndi anzake. Akazi ndi ana ao analoledwa kulowa patapita milungu yambiri, ndipo openyerera sanaloledwe konse.

Masewera anayambanso pa 30 July, ndipo pa 11 October timu ya Los Angeles Lakers, motsogozedwa ndi LeBron James, inagonjetsa Miami Heat nitenga cikho cake ca 17. M'miyezi yonseyo panalibe wosewera ndi mmodzi yemwe amene anapezeka ndi kacirombo mkati mwa mpandawo. Mtengo wake unamveka kuti unali pafupifupi madola 180 miliyoni. Apa panaoneka poyera kuti matenda angathe kutsekeredwa kunja, komanso kuti mpanda wotere ndi wa anthu a cuma okhaokha. Ngakhale m'ligi yolemerayo, matimu 8 amene anasiyidwa kunja anakhala osasewera kucokera mu March kufikira mu December.

LIGI YA AFRICA IMA ISANAYAMBE

Pamene ku America mliri unadula nyengo ya mpira pakati, kuno ku Africa unaimitsa ligi imene inali isanaponye mpira ndi kamodzi komwe. Mu February 2019 a NBA pamodzi ndi bungwe loyang'anira basketball pa dziko lonse la FIBA analengeza za kukhazikitsidwa kwa Basketball Africa League, mwacidule BAL, ya matimu 12 ocokera m'maiko 12. Akatswiri a maiko a Angola, Egypt, Morocco, Nigeria, Senegal ndi Tunisia anapatsidwa malo popanda mpikisano. Malo 6 otsalawo anayenera kulimbiranidwa.

Dziko la Zambia linaimiridwa ndi timu ya pa Yunivesite ya Zambia ya UNZA Pacers. Anyamatawa anasewera ndime yoyamba ku Johannesburg mu October 2019, napitirira kufika m'ndime yaciwiri imene inacitikira ku Kigali m'dziko la Rwanda mu December caka comweco, koma kumeneko ulendo wao unathera. Mwa matimu a m'maiko oyandikana ndi Zambia, imene inapeza malo m'mipikisano imeneyi ndi Ferroviário de Maputo ya ku Mozambique. Anthu a ku Chadiza, amene ali pa malire ndi dzikolo pa cipata ca Chanida, mwina sadziwa kuti anansi aowo amakonda basketball kwambiri, ndipo matimu ao, makamaka a akazi, ndi ochuka mu Africa monse.

Ligi inayenera kuyamba pa 13 March 2020 mu mzinda wa Dakar, ndi kuzungulira m'mizinda ya Cairo, Lagos, Luanda, Rabat ndi Monastir, kenaka kukathera ku Kigali. Koma pa 2 March dziko la Senegal linapeza wodwala woyamba wa Covid-19, ndipo tsiku lotsatira mtsogoleri wa ligi, a Amadou Gallo Fall, analengeza kuti masewera aimitsidwa. Anali atatsala masiku 10 okha. Matimu anali atalemba kale osewera, ena ocokera kunja, ndipo anyamata ambiri a mu Africa anali kuyembekezera kuti kwa nthawi yoyamba adzaonedwa ndi dziko lonse ali kwao konkuno.

Kudikira kunatenga miyezi 14. Maulendo a m'mizinda isanu ndi umodzi aja anafafanizidwa, ndipo matimu onse 12 anasonkhanitsidwa pa malo amodzi mu Kigali, potsata njira ija ya ku Orlando. Mpikisano umene unayenera kutenga miyezi unatha m'milungu iwiri, kuyambira pa 16 kufikira pa 30 May 2021. Zamalek ya ku Egypt inagonjetsa US Monastir ya ku Tunisia ndi mapointi 76 kwa 63 nikhala akatswiri oyamba. Ferroviário de Maputo, imene inapeza malo mu December 2019 nidikira caka ndi miyezi isanu, inafika m'ndime ya matimu 8 otsala, kumene inaturutsidwa ndi eni mudzi a Patriots. Anthu a ku Dakar, ku Lagos ndi ku Luanda, amene analonjezedwa mpira pa khomo pao, anangouonera pa kanema.

Ligi ya Africa inapulumuka cifukwa inali ndi kholo lolemera kumbuyo kwake, ndi dziko limodzi lokhala ndi nyumba ya masewera yatsopano, imene inatsegulidwa mu 2019. Kupirira kwake kunabala zipatso, pakuti kuyambira pamenepo mpikisano wa BAL wakhala ukucitika caka ndi caka.

ZA M'DZIKO MUNO

M'dziko la Zambia odwala awiri oyamba analengezedwa pa 18 March 2020 ndi Nduna ya Zaumoyo ya nthawi imeneyo, a Chitalu Chilufya. Masukulu, makoleji ndi mayunivesite onse anatsekedwa pa 20 March. Pa 25 March Mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, a Edgar Lungu, analamula kuti malo omwerako mowa, nyumba za kanema ndi malo ocitirako masewera olimbitsa thupi atsekedwe, ndi kuti misonkhano isapitirire anthu 50. Mabwalo a basketball a mu Lusaka ndi ku Migodi, kumene matimu onga Matero Magic, Green Buffaloes ndi UNZA Pacers amakumana, anakhala zii. Osewera a matimu amenewa ambiri ndi ophunzira, asilikali ndi anthu a nchito zina, ndipo palibe amene akanawamangira mpanda wa mamiliyoni.

Ligi ya mpira wa miyendo m'dziko muno inayesa kubwerera mwamsanga. Bungwe la FAZ linaimitsa masewera mu March niwayambitsanso mu July popanda openyerera. Koma osewera anali kukwera mabasi ndi kuyenda kucokera tauni ina kupita ku inzake. Posacedwa anthu ambiri a m'timu ya Forest Rangers ya ku Ndola anapezeka ndi kacirombo, masewera ena analephereka, ndipo zotsatira za kupimidwa zinali kucedwa. Kuciyambi kwa August FAZ inaona kuti kupitiriza n'kuika miyoyo pa ngozi, nitseka ligi matimu atasewera masewera 27 m'malo mwa 34. Nkana ya ku Kitwe inalengezedwa kukhala akatswiri kwa nthawi ya 13, Forest Rangers nikhala yaciwiri.

Kutseka kumeneku kunali kwanzeru, koma kunasiya madandaulo. Timu imene inatsika m'ligi inali ndi cifukwa conenera kuti m'masewera 7 otsalawo ikanadzipulumutsa, ndipo imene inaphonya cikho inalinso ndi mau ake. Gwero la mkangano linali lakuti camulo ca zoyenera kucita ligi ikadukira panjira cinapangidwa moto utayaka kale, aliyense akudziwa pamene timu yake yaima. Camulo cotere, cikhale cabwino cotani, wina adzati cakondera.

ZIMENE CHADIZA INATAYA

Ku Chadiza kunalibe makampani a kanema olira ndalama, kunalibenso cikho ca mamiliyoni. Mpira wa m'boma muno umakhala m'masukulu ndi pa mabwalo a m'midzi, ndipo mphunzitsi wa masewera ndiye mwini wake. Masukulu atatsekedwa pa 20 March, mpirawo unatsekedwa nao. Pa 1 June anabwerera ndi okhawo olemba mayeso a Giredi 7, 9 ndi 12, ndipo anabwerera kudzawerenga basi. Ena onse anatsegulira pa 21 September, atakhala kunyumba miyezi isanu ndi umodzi. Miyezi ya cisanu, pamene cimanga cili m'nkhokwe, miseu yauma ndipo masukulu amakumana pa mipikisano ya mpira kucokera m'mazoni kufikira pa boma ndi pa cigawo, inapita yonse popanda kulira kwa wezulo. Mu June 2021 mliri utakula kacitatu, masukulu anatsekedwanso kufikira mu August, m'nyengo yomweyo ya mpira. Ngakhale mwambo wa Kulamba, umene umasonkhanitsa Acewa a m'maiko atatu ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, sunacitike mu 2020.

Kusiyana kwa ligi ya akatswiri ndi mpira wa pa sukulu kuli pa msinkhu. Wosewera wa Zamalek kapena wa Ferroviário anadikira caka, napeza malo ake akali pomwepo. Mwana amene anali mu Giredi 12 m'caka ca 2020 analibe caka cina. Analemba mayeso, natuluka pa cipata ca sukulu, osaonedwa ndi wina aliyense wosankha osewera. Madzi akatayika saoleka.

Pa masewera a basketball zaka zimenezi ndi zofunika koposa, cifukwa luso lake limaonekera mocedwa, thupi likatalika. Joel Embiid wa ku Cameroon anayamba kusewera ali ndi zaka pafupifupi 15, naonedwa pa msasa wa acinyamata wokonzedwa ndi wosewera mnzake wa m'dziko lomwelo, Luc Mbah a Moute, ndipo mu 2023 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu NBA. Pascal Siakam, wa ku Cameroon komweko, anaonedwa pa msasa wa munthu yemweyo ali mwana wa sukulu, ndipo mu 2019 anatenga cikho ca NBA ndi timu ya Toronto Raptors. Onse awiri anatulukira cifukwa ca masiku owerengeka amene munthu wodziwa anawaona akusewera. Msasawo ukanafafanizidwa cifukwa ca mliri, nkhani yao ikanakhala ina. M'midzi ya Chadiza mulinso anyamata ndi atsikana ataliatali, amene msinkhu wao umangochulidwa pothyola mango ndi pofolera denga.

Kutaya kwina n'kwakukulu kuposa luso. Aphunzitsi akudziwa kuti pali ana amene cimawakokera ku sukulu ndi mpira, makamaka amene maphunziro amawavuta. M'dera limene mnyamata angathe kutumizidwa kukaweta ng'ombe za munthu wina kwa zaka zingapo kuti pomaliza alandire ng'ombe imodzi, ndipo mtsikana angathe kukwatiwa akali wamng'ono, miyezi isanu ndi umodzi yokhala pakhomo ndi nthawi yaitali. Mafumu a cigawo ca Kum'mawa akhala akulimbana ndi maukwati a ana kwa zaka zambiri, ndipo bwalo la netball lokhala ndi atsikana madzulo alionse linali mthandizi wao wosachulidwa. Litatsekedwa, ena sanabwerere ku sukulu konse. Kutaya kotereku sikulembedwa pa ndandanda ya mapointi.

MLIRI UMABWERANSO

Katemera woyamba anafika m'dziko muno pa 12 April 2021, ndipo pa 5 May 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti Covid-19 siinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Pofika nthawi imeneyo Zambia inali itataya anthu oposa 4,000. Koma amene anaganiza kuti za kutsekedwa kwa masukulu ndi mabwalo zatha, anaphunzira msanga.

Mu January 2023 matenda a kolera anabuka m'boma la Vubwi, limene kufikira mu 2012 linali mbali ya Chadiza, pa nthawi imene dziko la Malawi linali pa mliri woopsa wa matenda omwewo umene unapha anthu oposa 1,700. Mu October caka comweco kolera inabukanso mu Lusaka nifalikira m'zigawo zonse 10. Bwalo lalikulu la masewera la National Heroes Stadium, kumene timu ya dziko imasewerera, linasandutsidwa cipatala ca odwala kolera, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulira pa 8 January 2024 anatsegulira pa 12 February. Anthu oposa 700 anamwalira.

Boma la Chadiza lili pa njira. Magalimoto akuluakulu ocokera ku doko la Beira, odzera ku Tete, amalowera pa Chanida usana ndi usiku, ndipo anthu a mbali zonse za malire ndi a mtundu umodzi, okwatirana, olirana maliro ndi ogulitsana malonda. Matenda safunsa ciphaso. Cimene cinacitika mu 2020, mu 2021 ndi mu 2024 cidzacitikanso tsiku lina, ndipo funso ndi lakuti cidzapeza a za masewera atakonzeka motani.

MPANDA WA ANTHU OSALEMERA

Akuluakulu amati nkhanga zinapangana kusanapse. Boma la Chadiza silingamange mpanda wonga wa ku Orlando kapena wa ku Kigali, koma pali zinthu zimene lingathe kucita ndi zimene lili nazo.

Coyamba ndi malamulo olembedwa. Komiti iliyonse yoyendetsa ligi, kaya ya masukulu, ya mipingo kapena ya matimu a m'midzi, iyenera kugwirizana mpira usanayambe kuti ligi ikadukira panjira cidzacitike n'ciani: masewera angati ayenera kukwana kuti akatswiri alengezedwe, mphatso zidzagawidwa bwanji, ndipo ndalama zimene matimu anasonkha zidzapita kuti. Pepala limodzi losainidwa ndi atsogoleri a matimu onse, aliyense asanadziwe pamene adzathere, limaletsa mikangano imene inavuta ngakhale bungwe lalikulu la FAZ.

Caciwiri ndi ukhondo pa bwalo. Cizolowezi cakuti osewera onse azimwera kapu imodzi yotunga m'ndowa imodzi pa nthawi yopuma ndi njira yaifupi ya kolera ndi cimfine comwe. Bwalo losonkhanapo anthu mazana liyenera kukhala ndi cimbudzi, madzi otetezedwa ndi mankhwala a klorini kapena owiritsa, ndi sopo wosambira m'manja. Ogulitsa zitumbuwa, nzimbe ndi munkoyo ayenera kuuzidwa za ukhondo mwaulemu, pakuti naonso amadyera pa mpira womwewo.

Cacitatu, wa zaumoyo wa pa cipatala capafupi akhale membala wa komiti ya masewera. Iye ndiye angalangize ngati mpikisano uyenera kuimitsidwa kotheratu, kapena ungapitirire popanda khamu la openyerera. Kudzera mwa iye, tsiku la mpira lingakhalenso tsiku la katemera ndi la uphungu, cifukwa palibe msonkhano umene umakoka acinyamata ambiri kuposa mpira.

Cacinai, mipikisano ikonzedwe m'timagulu ta masukulu oyandikana, oti ana angafikeko pansi kapena pa njinga. Ngozi yaikulu pa nthawi ya mliri ili pa ulendo, pamene ana 40 athinana m'lole imodzi nakagona m'kalasi limodzi ku sukulu yacilendo. A zaumoyo akaloleza, masukulu atatu kapena anai a m'zoni imodzi angathe kupitiriza kusewera ngakhale mpikisano wa cigawo utaimitsidwa. Imeneyi ndiyo nzeru ya ku Kigali, yocepetsa maulendo, koma yosafuna madola.

Cacisanu, mphunzitsi wa masewera asunge buku la maina a osewera ake, misinkhu yao ndi midzi yao. Sukulu ikatsekedwa nitsegulidwanso, buku limenelo lidzaonetsa amene sanabwerere, kuti a komiti ya makolo ndi anyakwawa akawalondole kusanade. Lidzathandizanso kuti mwana waluso amene anaphonya mpikisano alemberedwe kalata yomuchula kwa a bungwe la basketball kapena kwa matimu a m'tauni.

Cotsiriza ndi bwalo lenilenilo. M'caka ca 2022 Boma linakweza thumba la citukuko la CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo zopempha zimayambira m'makomiti a citukuko a m'mawodi. Bwalo limodzi la simenti la mamita 31 m'litali ndi 16 m'lifupi lingakwanire basketball, netball ndi volleyball pamodzi. Bwalo lapanja, lopita mphepo ndi dzuwa, n'lotetezeka ku matenda a mpweya kuposa nyumba zodula za ku America. Zipinda zophunziriramo, madesiki ndi zipatala ziyenera kutsogola, ndipo palibe wotsutsa zimenezo. Koma pempho limene silinalembedwe silingakambidwe n'komwe. M'mera m'poyamba, ndipo wosewera wa ligi ya BAL wa mawa sangaturuke m'boma lopanda mkombero woponyeramo.

Lakers inatenga cikho cake, Zamalek inatenga cake, Nkana nayonso inatenga cake, ndipo maina ao analembedwa m'mabuku. Ana a ku Chadiza amene anali m'makalasi otsiriza mu 2020 tsopano ndi akuluakulu. Ena ali ndi mabanja, ena ali m'minda ya soya ndi fodya, ena ali m'matauni. Nyengo yao ya mpira siidzabweranso. Ang'ono ao ndiwo ali pa mabwalo tsopano, ndipo makomiti a masewera, aphunzitsi aakulu, makhansala ndi mafumu ali ndi mpata wokhala pansi ndi kulemba mapangano ao pamene zipata za masukulu zikali zotsegula.